Mboni Ziwiri za Mimba ya Lettie

1

Ku Mhuju kunalibe mayi woyera mtima kuposa ine. Anthu ankanena okha, ndipo akaiwala kunena ndinkawakumbutsa.

Dzina langa ndine Dinah. Kwathu ndi ku Dedza, kumene ndinali Naphiri, koma nditakwatiwa ndi Hezron Chirambo, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Mhuju, anthu a kuno anandisandutsa NyaPhiri. Ndinali mlembi wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo. Bulauzi yanga yoyera ndinkaisita kawiri, kunja ndi mkati. Mtsikana akavala diresi loonetsa maondo sankaopa apolisi, ankaopa kukumana ndi ine pamsika.

Mu Novembala 1983 chiswe chinadya pakona pa chithunzi cha mwini dziko chimene chinkapachikidwa mu ofesi ya mwamuna wanga. Munthu wina wokonda dziko lake kwambiri anakanena kumene amakanena. Lachinayi masana kunafika galimoto, munatsika amuna atatu, anapempha a Chirambo mwaulemu kuti akacheze nawo pang'ono. Machezawo anatha miyezi khumi ndi inayi. Chiswe chija sanachitenge.

Ana athu awiri anali kusekondale kutali. M'nyumba ndinatsala ndi Lettie, mwana wa a Manasseh, mkulu wawo wa amuna anga, wa ku Hewe. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, akubwereza Sitandade 8 kachitatu. Masiku amenewo kukhoza mayeso kunali kwina, kusankhidwa kupita kusekondale kunalinso kwina. Bambo ake anali atamuuza kuti kachitatu n'komaliza. Akapanda kusankhidwa, panali mlimi wina wa fodya amene ankadikira moleza mtima, ng'ombe zake zili m'khola.

Mkazi wa munthu wotengedwa amakhala ngati wakhate. Anzanga a Umanyano ankandipempherera kwambiri, koma ali kwawo. Munthu yekhayo amene ankalowa pakhomo panga anali Pearson Mkandawire, mphunzitsi wa Sitandade 8, mnyamata wosakwatira wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Ankabwera kudzandilembera makalata a Chingerezi ofunsa kumene amuna anga akusungidwa. Tinalemba asanu ndi imodzi. Sitinayankhidwe.

2

Ndinali Mkhristu, inde, koma za mchere sindinkasewera nazo. M'nyumba mwanga mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, monga anandiphunzitsira amayi anga. Mwezi uliwonse Lettie ankabwera ndi chikombe chamchere, maso ali pansi, n'kunena kuti, "Amama, mundithirireko." Motero masiku ake ndinkawadziwa kuposa mwini wake.

Epulo anatha osandipempha. Meyi anathanso. Juni atafika pakati ndinazungulira kuseri kwa bafa, kumene ankayanika tinsalu take ataphimba ndi chitenje. Panalibe kanthu.

Mwanayo anali atasinthanso. Chakudya ankangochigwiragwira. Khosi linatalika. Ndikamuyankhula ankayang'ana khoma. Tsiku lina ndinamupeza akulira pamtondo, musi uli m'manja.

Ndipo Lachitatu lina, ana ataweruka, ndinawaona pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Pearson anali atakhala pabenchi, Lettie pambali pake, kope lili pakati pawo. Pearson anatulutsa cholembera m'thumba la malaya n'kumupatsa. Munthu ameneyu anali atasiya kufika kwanga kuyambira Epulo, akuti ntchito yachuluka. Ntchito yake ndinaiona tsiku limenelo. M'chifuwa munanditentha, ndipo ndinadziuza kuti umenewo ndi mkwiyo wa kholo.

Atafika kunyumba ndinamuitanira kuchipinda.

"Lettie, mwezi uno waona?"

Anayang'ana khoma.

"Ndikufunsa iwe."

"Sindinaone, amama. Kuyambira Malichi."

"Mwini wake ndani?"

"Mwini wake wa chiyani?"

"Usandiyese mwana mnzako. Mimba."

"Ndilibe mimba, amama. Palibe mwamuna amene anandikhudzapo."

"Ndiye kuti ndi chozizwitsa. Tiitane kwaya idzaimbe nyimbo za Khirisimasi mu Juni muno. Nanga chikukuliza pamtondo n'chiyani? Chikukukanikitsa kudya n'chiyani?"

Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu anandiyang'ana m'maso. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Sindinganene, amama."

Ine, wanzeru zanga, ndinamva ngati wavomera.

3

M'mawa mwake ndinapita kwa a Lois NyaGondwe, wapampando wa Umanyano, kukawauza mwachinsinsi kuti tipempherere mwana. Chinsinsi cha pemphero chimayenda msanga kuposa basi. Pofika Loweruka, amayi ogulitsa tomato pamsika anali akupemphera nafe.

A Lois, kunena zoona, anayesa kundibweza.

"NyaPhiri, koma nthawi zina maganizo amatseka. Ine amuna anga atamwalira ndinakhala miyezi inayi osaona kanthu. Mwanayu ali ndi mayeso pamutu."

"Zimenezo n'za ife akuluakulu amene tili ndi mavuto enieni," ndinatero. "Ngakhale ineyo thupi langa silikuyenda bwino miyezi ino, chifukwa cha nkhani ya a Chirambo. Koma mwana wodya zophikaphika ali ndi maganizo anji? Maganizo ake ali ndi dzina, ndipo amaphunzitsa Sitandade 8."

Akulu a mpingo anakumana Lachiwiri masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Analipo asanu, ndi mphunzitsi amene ankagwirizira udindo wa amuna anga. Lettie anakhala pansi pamkeka. Pearson anaimirira pafupi ndi khomo, atamanga tayi.

Mkulu wotsogolera anandifunsa ngati ndili ndi umboni.

"Ndine mayi wa ana awiri," ndinatero. "Maso anga ndiwo umboni."

Anafunsa Lettie. Anati alibe mimba. Anamufunsa chimene chikumuwondetsa. Anati sanganene. Akuluwo anagwedeza mitu, chifukwa nawonso anali anzeru ngati ine.

Kenako anafunsa Pearson. Sanayang'ane akuluwo, anayang'ana ine.

"Amayi, mwa anthu onse ali muno, inu ndi amene mukudziwa kuti mwanayu sindinamukhudze."

"Mwaumva mwano wake?" ndinatero, ndikutembenukira kwa akulu. "Wawononga mwana, tsopano akufuna ine ndikhale mboni yake."

Akuluwo anamuimitsa Pearson kudya Mgonero, ndipo sabata isanathe inabwera kalata yomusamutsira kusukulu ina ya kumalire, kumene ngakhale njinga imafika itanyamulidwa paphewa. Za Lettie lamulo linali lodziwika: mtsikana wapakati sukulu yake yathera pomwepo. Dzina lake linachotsedwa pa mndandanda wa olemba mayeso, kutatsala masabata atatu.

Ndinatuluka m'kachipindamo anthu akundigwira chanza. Ena anati mpingo ukanakhala ndi amayi khumi ngati ine, dziko likanakhala lina. Sindinawatsutse.

4

A Manasseh anamva nkhaniyo ku Hewe, anapalasa njinga masiku awiri. Anafika fumbi lili mpaka m'nsidze. Anakhala ndi mwana wawo kuseri kwa nyumba kwa ola lathunthu, kenako anandiitana.

"Mlamu, mwanayu akukana chomene. Ine ndimamudziwa, bodza sanalizolowere. Tiyeni kuchipatala akamuone."

Ndinavomera ndi manja awiri. Ndinafuna kuti nkhaniyi ithe poyera, wina asadzanene kuti NyaPhiri ananamizira mwana. Choncho ndinapempha a Lois ndi a Mabel, msungichuma wathu, kuti atiperekeze ngati mboni. Tonse atatu tinavala zoyera za Umanyano, ngati tikupita kumaliro a munthu wofunika.

Tinakwera lole yonyamula chimanga. Utsi wa dizilo unandisokoneza m'mimba, ndinasanza kawiri tisanafike. A Mabel anati ndi msewu. Ine ndinati ndi chisoni.

Pachipatala cha mishoni tinalandiridwa ndi namwino wamkulu wa azimayi, a Muriel NyaMhango, mayi wamfupi wa magalasi ochindikala. A Manasseh anatsala panja pakhonde. Namwino anamulowetsa Lettie kuseri kwa katani, ife tinakhala pabenchi. Anamupima, anatenga mkodzo, anatiuza kuti tidikire. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anatiitana tonse.

"Mwana uyu alibe mimba," anatero.

"Yang'ananinso bwino," ndinatero. "Miyezi itatu sanaone."

"Amayi, ntchito iyi ndaigwira zaka makumi awiri. Alibe mimba, ndipo sanakhalepo nayo. Thupi la mkazi limamva zimene mutu wasenza. Mantha, mayeso, kusagona, kusadya, zonsezi zimaimitsa msambo. Chaka chilichonse mayeso akayandikira ndimalandira atsikana otere. Uyu wawonda kwambiri. Pali chimene chikumudya." Anatembenukira kwa Lettie. "Mwana wanga, n'chiyani?"

Lettie anayang'ana zala zake.

Ine ndinaimirira kuti ndiwafotokozere a namwino ntchito yawo. Ndikukumbuka kuti ndinakweza chala. Kenako chipinda chinazungulira, fungo la mankhwala linandikwera m'mutu, ndipo pansi panabwera kudzandipeza.

Nditatsitsimuka ndinali pabedi lomwe lija anagonapo Lettie, kuseri kwa katani yomwe ija, bulauzi yanga yosita kawiri itamasulidwa mabatani. Manja a namwino anali pamimba panga.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "inu munaona liti komaliza?"

"Mu Malichi. Koma ndi maganizo. Mwanena nokha kuti maganizo amaimitsa. Amuna anga anatengedwa."

"Anatengedwa liti?"

"Novembala."

Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Maganizo anuwa ali ndi miyezi itatu, amayi, ndipo akukula bwino."

Anayankhula motsitsa ndithu, sindingawanamizire. Koma katani ndi nsalu chabe. Kuseri kwake kunali mboni ziwiri zimene ndinabwera nazo ndekha, ndipo mmodzi wa iwo anali msungichuma. Kuwerengera kuchokera Novembala kufika Malichi sikunafunike pepala.

5

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuzilambalala.

Kumapeto kwa Malichi kunali Sabata ya Achinyamata, pamene ana a sukulu ndi anthu onse ankapita kukagwira ntchito zachitukuko. Loweruka lake mudzi wonse unali kukakonza msewu. Ine ndinatsala, mutu unkandiwawa. Masana Pearson anabwera ndi kalata yathu yachisanu ndi chimodzi. Inali itabwezedwa osatsegulidwa. Ndinaigwira m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaganiza kuti amuna anga anafa. Ndinalira. Pearson anandigwira paphewa. Tinali m'kachipinda kosungira matumba a chimanga. Zotsalazo simukufunika kuuzidwa, ndinu akuluakulu.

Sindinganene kuti anandikakamiza. Sindinganenenso kuti zinachitika kamodzi. Zinachitika katatu, ndipo kachitatu ndine ndinamuitana. Mu Epulo iye ndiye anati zithe.

"A Chirambo ndi amene anandiphunzitsa ntchito," anatero. "Sindingathenso kulowa m'nyumba mwawo."

Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, mwana wanga womaliza ali mu Fomu 2. Msambo utasowa ndinati ndi ukalamba, ndinati ndi nkhawa, ndinati ndi chilichonse kupatula chimene mwana wa Sitandade 5 akanandiuza. Ndiye nditamuona Pearson pansi pa mango uja, akupatsa cholembera mtsikana wa khungu losalala, sunali mkwiyo wa kholo. Inali nsanje. Ndinakhulupiriradi kuti anandisiya chifukwa cha iye, chifukwa zimenezo zinali zosavuta kumeza kusiyana n'kuti anandisiya chifukwa cha manyazi amene ine ndinalibe.

Pobwerera, lole inatitsitsa pamphambano, tinayenda wapansi. A Lois ndi a Mabel anatsogola, akuyenda msanga ngati anthu amene asenza katundu wosachedwa kuvunda. A Manasseh anakankha njinga yawo patsogolo osatembenuka. Ndinatsala ndi Lettie.

"Amama," anatero, "Loweruka lija ndinabwerera kunyumba. Mpini wa khasu unathyoka, aphunzitsi anandituma kukatenga lina."

Ndinaima.

"Makasu timasunga m'kachipinda ka chimanga," anatero.

Tinayenda pang'ono.

"Chiyambire tsiku limenelo sindigona. M'mawa ndimakhala m'kalasi mwawo, madzulo ndimadya ndi inu. Ndikatsegula buku ndimaona zomwe zija. Ndinkaganiza kuti ndikanena, adada ang'ono akatuluka adzapeza chiyani? Ndipo a Mkandawire akachotsedwa, masamu andiphunzitsa ndani? Tsiku la mango lija ankandifunsa chifukwa chimene malikisi anga atsikira."

"Nanga pamaso pa akulu a mpingo, bwanji sunanene? Ukanadzipulumutsa."

"Munali mutavala zoyera, amama. Akanakhulupirira ndani?"

6

Akulu a mpingo anakumananso sabata yotsatira. Ntchito yawo inali yochepa. M'buku la milandu anangofufuta dzina la Lettie n'kulemba langa. Chilango cha Pearson anachisiya momwemo, popeza chinapezeka kuti chinali choyenera, kungoti chinali ndi dzina lolakwika. A Lois anabwera kunyumba kudzatenga buku la ulembi ndi bulauzi yoyera. Anaipinda bwinobwino, anati idzathandiza wina.

A Manasseh anapita kwa mphunzitsi wogwirizira uja ndi kalata ya namwino. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anawauza kuti mayina anatumizidwa kale ndipo sangabwezedwe. Mwana adzayese chaka chamawa.

Chaka chamawa kunalibe. A Manasseh anati mwana wawo sangakhalenso m'nyumba mwanga ngakhale tsiku limodzi, ndipo ku Hewe kunalibe womusungira malo a kachinayi. Anamukweza pakaliyala ya njinga, kachikwama kake ali nako pamiyendo. Tsiku limene anzake ankalemba pepala loyamba, iye anali kumunda.

Patatha masabata awiri ndinalandira kalata ya Lettie, pepala long'ambidwa m'kope la masamu. Inali ndi mizere iwiri.

"Amama, ndinafika makora. Zakumwezi zabwera Lachiwiri. Nanga inu?"

Mu Seputembala mlimi wa fodya uja anatsegula khola lake.

Ine ndinabereka mwana wamkazi kumapeto kwa Disembala. Sindinamutche dzina, chifukwa kuno dzina limachokera kuchimuna, ndipo kuchimuna kwake kunali nkhani yovuta. Mu Januwale, mvula ikugwa, munthu wina wowonda anaima pakhomo atanyamula kathumba ka pepala. Ndinamuzindikira ndi mawu. Mano akutsogolo analibe.

A Chirambo anakhala pampando wawo. Ndinagwada, mwana ali m'manja, ndinayamba kufotokoza. Anakweza dzanja.

"Ndadzera ku Hewe," anatero. "Ndamva zonse. Kumene ndinali ndinaphunzira kusafunsa mafunso."

Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali.

"Ali ndi dzina?"

"Ayi."

"Dzina lake ndi Lettie. Uzilitchula m'mawa, masana ndi madzulo."

Sanandimenye. Sanandithamangitse. Mwanayo anamulera ngati wawo, anamulipirira sukulu, ankamunyamula paphewa popita kutchalitchi. Ine ankandipatsa moni m'mawa uliwonse mwaulemu wonse, ngati mlendo wobwera kudzagona masiku awiri, mpaka tsiku limene anamwalira. Anthu ankati ndili ndi mwayi, ndinakwatiwa ndi munthu wokhululuka. Sindinawatsutse pamenepanso.

7

Zinanditengera zaka zisanu ndi zinayi kuti ndipite ku Hewe. Ndinamupeza Lettie m'chigafa, akusankha fodya, mwana wachisanu ali kumbuyo. Mtsikana amene ankafuna kukhala mphunzitsi wa masamu anali akuwerenga masamba a fodya, ndipo sankalakwitsa.

Ndinagwada pafumbi. Ndinanena mawu amene ndinawakonza njira yonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Yewo, amama," anatero. "Dzukani, muthimbirira." Anandisunthira mulu wa masamba. "Ofiira uku, achikasu uku."

Tinasankha fodya mpaka madzulo. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sananene kuti sanandikhululukire. Pobwerera anandipatsa nkhuku.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga a maso akuthwa, amene mumadziwa masiku a ana anu ndi a ana a anzanu omwe, ndikudziwa kuti mwaseka. Sekani, nanenso ndikanaseka ikanakhala nkhani ya wina. Koma mumve izi kuchokera kwa munthu amene anaphunzira ali gone pabedi la chipatala. Msambo umachedwa pa zifukwa zambiri, ndipo mimba ndi chimodzi chokha mwa izo. Mantha amauchedwetsa, mayeso amauchedwetsa, chinsinsi cholemera chimauchedwetsa. Chipatala chimayankha tsiku limodzi funso limene bwalo la akulu asanu limalakwitsa. Ine ndinayambira kubwalo, ndipo pofika kuchipatala mwana wa eni ake anali atataya kale sukulu.

Mwana wanu akadzakuuzani kuti sanaone, musathamangire kwa wapampando kukapempha mapemphero. Tsekani chitseko, mukhale naye pansi, mumufunse chimene chikumudya. Ndipo mufunse mutakonzeka, chifukwa chikumudyacho mwina ndinu.